Njerwa za Scott, mahema a Gilmour

Ndikachoka ku Naperi kupita ku HHI, ndimakonda kuima kaye n'kumayang'ana njerwa zofiira za tchalitchi cha St Michael and All Angels. David Clement Scott anachimanga kuyambira 1888 mpaka 1891, komatu kwa ine ntchito yake yaikulu sinali njerwazo ayi. Anasankha Aafirika n'kuwaphunzitsa udikoni, azungu anzake ena akung'ung'udza. Mmodzi mwa Aafirikawo, a Harry Kambwiri Matecheta, anadzozedwa ubusa mu 1911.

Koma ku Mongolia ntchito yotereyi inavuta. James Gilmour, mmishonale wa ku Scotland ngati Scott, ananyamuka mu 1870 n'kumagona m'mahema a oweta ziweto, koma sanasiyeko mpingo. Eni dzikolo anayamba kudzisulira abusa awo chikomyunizimu chitagwa mu 1990.