Galimoto ikafa, ngolo imabadwa

Ngolo zambiri zimene zimatuta chimanga, mtedza ndi fodya ku Nsaru, Kabudula ndi Nambuma zimayendera zitsulo za galimoto zimene zinaleka kuyenda kalekale. Amisiri owotcherera amagula ekiselo yakumbuyo ya galimoto yakufa, pamodzi ndi malimu ndi matayala ake, n'kukhomerapo bokosi la matabwa ndi mtengo wokokera ng'ombe kapena abulu.

Chinsinsi chagona pa liwiro. Tayala lakutha ndi loopsa pa galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola, koma ng'ombe zimayenda pang'onopang'ono, motero tayalalo silitentha ndipo limakhalitsa. Ekiselo nayo inapangidwira katundu wolemera. Chimene imafuna ndi girizi wa m'mabering'i basi.

Vuto n'lakuti ngolo imalandira miyendo ya galimoto koma osati mabuleki ndi nyali zake. Pa msewu wa M12, pakati pa Mpingu ndi Namitete, ngolo yoyenda usiku popanda zonyezimira kumbuyo madalaivala amaiona mochedwa. Mwini ngolo ayenera kumata zonyezimirazo ndi kupewa kulongeza katundu mopyola muyezo, chifukwa pamtsetse kulemera konse kumagwera pamakosi a ng'ombe.