Njinga yokwerera miyala, yodumphira ndi ya kabaza si imodzi

Anyamata a kabaza kuno ku Dowa akamadikira makasitomala pa siteji, ambiri maso amakhala pa foni. Amaonera mavidiyo a anthu akunja akuchita zodabwitsa pa njinga zamoto: wina akukwera mwala wautali ngati khoma la nyumba, wina akutembenuzika mlengalenga. Zikatero mkangano umabuka. Pakati pa Lifo, Boxer, Sanlg ndi Kinglion, yopepuka bwino yoimikira tayala lakutsogolo ndi iti? Ine ndayenda zaka zambiri pa njinga yamoto m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, ndipo yankho langa ndi lakuti palibe ndi imodzi yomwe. Koma kukana kokha sikuthandiza, ndiye ndifotokoze.

Masewera a m'mavidiyo aja ndi awiri osiyana. Oyamba amatchedwa trials. Adayambira ku Britain, ndipo mpikisano wake wakale wa Scottish Six Days Trial udayamba mu 1909. Mmenemu mulibe liwiro. Munthu amadutsa pa miyala, m'mitsinje ndi pa zitsa osaponda pansi. Akaponda kamodzi amulembera chilango chimodzi, akagwa zilango zisanu, ndipo wopambana ndi amene ali ndi zochepa. Katswiri wake ndi Toni Bou wa ku Spain, yemwe kuyambira 2007 wakhala akutenga ukatswiri wa dziko lonse chaka ndi chaka pa njinga ya Montesa.

Njinga ya masewerawa, kaya ndi Montesa, GasGas, Beta kapena Sherco, imalemera makilogalamu pafupifupi 70 okha. Ilibe chishalo chifukwa wokwera amaimirira nthawi yonse. Thanki yake imalowa malita awiri kapena atatu. Matayala ndi ofewa, amawaika mpweya wochepa kwambiri kuti azikumbatira mwala. Magiya oyamba ndi otsika moti njinga imatha kuyenda ngati munthu wapansi injini osazima.

Achiwiri ndi freestyle motocross, aja odumpha. Awa amakonda njinga ngati Yamaha YZ250, yolemera makilogalamu opitirira pang'ono 100, ya injini yolusa ndi masipuling'i aatali, chifukwa munthu amauluka mamita oposa 20 asanatere. Travis Pastrana wa ku America atatembenuzika kawiri mlengalenga pa mpikisano wa X Games mu 2006, anali atayeserera kwa nthawi yaitali pogwera m'dzenje lodzaza ndi masiponji. Zimenezo pa kavidiyo ka theka la mphindi sizioneka.

Tsono tibwere kwathu. Njinga ya kabaza ili ndi injini ya pakati pa 100cc ndi 150cc, ndipo yambiri imalemera makilogalamu oposa 100, kuposa ya trials ndi thumba la fetereza kapena kuchepera pang'ono. Adaipanga kuti inyamule anthu ndi katundu pa petulo wochepa. Chishalo n'chachitali, masipuling'i ndi aafupi, mabuleki ambiri ndi a mkati mwa gudumu, matayala ndi a mumsewu. Ukaiimika n'kuigwetsa pansi tsiku ndi tsiku, mafoloko amayamba kutaya oyilo, masipoko amamasuka, tcheni chimatamuka, kilatchi imapsa. Ndipo njinga zambiri si za anyamatawo. Mwini wake akudikira ndalama ya tsiku, kapena ngongole idakali m'njira.

Pakati pa zonsezi pali njinga zimene tidazizolowera ndi alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo, monga Yamaha DT125 ndi Honda XL125. Izi ndi zazitali, tayala lakutsogolo ndi lalikulu, ndipo m'matope a dzinja zimaposa ya kabaza kutali. Pa njinga zimene munthu angazipeze kuno, ndizo zoyandikira ku trials. Zodumphira ayi.

Chimene chimandikhudza ndi ichi. Pa masewera awiriwa, anyamata athu amasirira odumpha, pomwe luso limene ali nalo kale ndi la trials. Amene amatsika zigwa za ku Mvera mvula itagwa, kapena kukwera njira za m'mphepete mwa nkhalango ya Ntchisi atanyamula mbewu, amadziwa kale kugwira kilatchi pang'onopang'ono, kusankha poponda tayala, ndi kusafinya buleki yakutsogolo poterera. Luso limeneli ndi lomwe limafikitsa mayi woyembekezera kuchipatala osagwa. Kuimika tayala pa msewu wa M1 ku Mponela kapena ku Madisi, pakati pa malole ndi ana asukulu, kumathera m'mawodi a othyoka mafupa ku Kamuzu Central Hospital. Akulu adati kuthamanga sikufika.

Sindikunena kuti achinyamata asasewere. Magazi aunyamata ukawatsekera pakhomo amatulukira pawindo la ngozi. Ndikupempha atsogoleri a mabungwe a kabaza kuti apangane ndi mafumu ndi apolisi apamsewu, apeze bwalo kutali ndi msewu, aike miyala, zipika ndi zingwe. Lamulo likhale la trials: pang'onopang'ono, wopanda pasinjala, chipewa chotetezera mutu ndi nsapato zotseka akakolo, woponda pansi kochepa ndiye wapambana. Mpikisano wotere sufuna njinga ya mamiliyoni. Lifo yomweyo ikwanira, bola zopingazo zikhale zazing'ono, ndipo ikatuluka m'bwalomo idzakhala idakali yabwino yogwirira ntchito mawa lake.

Kwa inu achimwene anga a kabaza, mukamakangana za njinga yopepuka, yambani mwafunsa kuti adaipangira ntchito yanji. Ndipo kwa ife okwera, tikafika pa siteji tisasankhe wodziwa kuimika tayala. Tisankhe amene amatha kuyenda pang'onopang'ono phazi osaponda pansi.