Penti wa ufa ndi geni yabwino, koma musayambe n'kugula mfuti

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwambi umenewu umabwera wokha m'mutu munthu akaona mageti, mabedi ndi zitsulo za m'mawindo zimene owotcherera amayala m'mbali mwa msewu wa M5, kuyambira pa Benga, kudutsa pa boma la Nkhotakota mpaka kukafika pa Dwangwa. Tsiku logula, geti limakhala likuwala ngati galimoto yatsopano. Zikangodutsa nyengo ziwiri za mvula, penti uja wayamba kusupuka, dzimbiri lamera m'makona monse, mwini nyumba ali kakasi.

Sikuti anyamata athu sadziwa kuwotcherera ayi. Pamene pamavuta ndi pomalizitsa. Penti wa bulashi, wosungunulidwa ndi petulo, wopakidwa pa chitsulo chosatsuka, sangalimbane ndi chinyontho cha kunyanja.

N'chifukwa chake anthu andalama zawo amathamangira katundu wa ku Joni, ku Dar es Salaam kapena ku China, amene penti wake amakhala wosalala ndi wolimba. Koma chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu wakunja anakwera moti ambiri akungomuyang'anira patali. Apa ndiye pali mwayi wa geni. Penti wolimba uja amatchedwa powder coating, ndipo makina ake ang'onoang'ono masiku ano wageni atha kuitanitsa monga amaitanitsira makina owotcherera.

Mmene amagwirira ntchito ndi motere. Penti wake si wamadzi koma ndi ufa wosalala wa pulasitiki. Ufawo umapopedwa ndi mfuti yoyendera mpweya wa kompuresa, ndipo potuluka pamlomo pa mfutiyo umatenga mphamvu ya magetsi yofika mavolti 30,000 mpaka 100,000. Chitsulo chopentedwacho chimakhala cholumikizidwa ku nthaka ndi waya wa earth, choncho ufa uja umakokedwa n'kukakamira monga tizidutswa ta pepala timakakamirira ku bolopeni yokhutizidwa m'tsitsi. Kenako chitsulocho chimalowa mu uvuni, ufa umasungunuka n'kuuma gwa. Luso limeneli linapititsidwa patsogolo ku Germany m'ma 1950 ndi katswiri wina dzina lake Erwin Gemmer, ndipo njira yopopera ndi magetsi inafala m'ma 1960.

Kumva choncho, wina anena kuti basi, ndigule mfuti ndiyambepo. Abale, mfutiyo ndi kachinthu kakang'ono pa ntchito yonse. Wogulitsa adzakuonetsani mfuti chifukwa ndi imene imakwana m'katoni. Zimene zimateteza moyo wa munthu ndi nyumba za anansi sizikwana m'katoni, ndipo kunyanja kuno chilichonse mwa izo chili ndi msampha wake.

Tiyambe ndi moto. Popeza penti wa ufa alibe thina ndipo sanunkha, ambiri amaganiza kuti sayaka. Ali m'katoni savuta kwenikweni. Koma ufa wina uliwonse woti n'kupsa, kaya ndi wa chimanga, wa shuga kapena wa pulasitiki, ukamwazika mumpweya n'kupanga mtambo umangofuna kamoto kamodzi kuti uphulike. Anthu a ku Dwangwa amene amadya za nzimbe aimve bwino iyi: pa 7 Febuluwale 2008 fakitale ya shuga ya Imperial Sugar ku Port Wentworth m'dziko la America inaphulika ndipo anthu 14 anafa. Munalibe bomba mmenemo. Linali fumbi la shuga limene linkangosiyidwa kuunjikana.

Tsono taganizani shedi yathu ya masiku onse, mmene wina akuwotcherera, wina akupala chitsulo ndi grinder moto uli thethethe, wina ali ndi ndudu pakamwa. Mfuti ya ufa siyenera kulowa m'shedi yotere. Popopera pakhale pakepake, potchingidwa ndi khoma, pansi pa simenti, kutali ndi moto, mbaula ndi zigubu za petulo, chozimira moto chili pakhomo. Malowo akhalenso okwera. Madzi osefukira amene anavuta ku Dwangwa kumayambiriro kwa 2024 anatiphunzitsa kuti nyumba ya m'dambo ndi ya madzi, ndipo madzi ndi magetsi sizimwerana.

M'chipinda chopoperamo mukhale fani yokoka mpweya kuchoka kwa wopopayo kupita ku sefa, mwamphamvu ya pafupifupi theka la mita pa sekondi. Wamagetsi ailumikize mwakuti fani ikaima, mfuti nayo izizima yokha. Kupopera pabwalo si njira yothawira mtengo wa fani. Mwera ukawomba, ufa wonse uthera m'makomo mwa anthu ndi pa thandala la usipa wa eni ake. Ufa wogwera pansi uzichotsedwa tsiku ndi tsiku ndi chikolopa chonyowa, osati kuupemerera ndi kompuresa. Wotsala wosagwiranso ntchito muziuwotcha mu uvuni m'kathireyi kuti uume ngati mwala, ndiye n'kukataya. Ndi pulasitiki ameneyu, asapite m'ngalande yotsikira kunyanja kumene tikumwa ndi kuwedza.

Chachiwiri ndi waya wa earth. Magetsi a mfuti, ngakhale mavolti ake ndi ochuluka, ndi ochepa mphamvu ndipo kawirikawiri amangodzidzimutsa. Choopsa n'chakuti chitsulo chosalumikizidwa bwino ku nthaka chimasunga magetsiwo mpaka chithethetse moto, ndipo motowo umathetheka pakati penipeni pa mtambo wa ufa. Choncho chopentedwa, choyimikapo, bokosi la makina ndi chipinda chomwe, zonse zilumikizidwe ku chitsulo chokhomedwa m'nthaka.

Msampha wa kunyanja ndi mchenga. Mchenga wouma sudutsa magetsi bwino, moti chitsulo chokhomedwa pamwambamwamba chimangokhala chokongoletsa. Chikhomedwe mozama mpaka chipeze dothi lonyowa, kapena zikhomedwe zingapo n'kuzilumikiza pamodzi. Ayeze ndi wamagetsi wa chiphaso cha MERA, ndipo ayeze mu Okutobala nthaka itauma, osati mu Janyuwale pamene paliponse pali nyowe. Kwa ophunzira amene amakonda manambala: kuchokera pa chopentedwa kukafika ku nthaka pasapitirire megaohm imodzi. Mbedza zokolekera nazo zimakutidwa ndi penti zikalowa mu uvuni kangapo, ndiye zimaleka kudutsa magetsi. Zizipalidwa.

Wopopa nayenso ndi mbali ya waya umenewu. Chigwiriro cha mfuti anachipanga kuti chizikhudza chikhatho, kuti magetsi asaunjikane m'thupi. Kuvala magolovesi a labala ndi magambutsi, ngati ukupita kudimba, n'kudzisandutsa batire. Pamafunika nsapato za soli yachikopa kapena zopangidwira ntchito imeneyi.

Chachitatu ndi mpweya ndi kasungidwe ka ufa. Kompuresa imakoka chinyontho cha kunyanja n'kuchisandutsa madzi m'thanki. Madziwo akafika mu mfuti, ufa umaumbika timibulu, mfuti imatsokomola, penti amatuluka wa zithupsa. Thanki izikhetsedwa tsiku lililonse, ndipo pa paipi pakhale sefa ya madzi ndi ya mafuta. Opanga ufa ambiri amalangiza kuusunga pouma, pozizira posapitirira madigiri 25. Nanga m'shedi ya malata ku Nkhotakota mu Novembala mumakhala madigiri angati? Wageni wanzeru agule ufa wochepa wotha msanga, azisunga m'chipinda cha njerwa, pamwamba pa thabwa, thumba lili lomanga. Kupikula makatoni khumi chifukwa mtengo watsika n'kugula miyala.

Chachinayi ndi uvuni, ndipo apa ndi pamene pamathera ndalama. Ufa wambiri umafuna madigiri 180 mpaka 200 kwa mphindi 10 mpaka 20. Mphindizo zimawerengedwa chitsulo chenichenicho chikafika pa kutentha kumeneko, osati pongotseka chitseko. Chitsulo chokhuthala chimachedwa kutentha kusiyana ndi lata. Uvuni wolowa geti lathunthu umadya magetsi ambiri, kawirikawiri a three-phase, choncho musanagule kanthu pitani kaye ku ESCOM mukamve ngati waya wofika pa malo anu angakwanitse. Kulumikiza uvuni ku soketi ya wailesi n'kuitana moto.

Za kuzimazima kwa magetsi tonse tikuzidziwa. Namondwe wa Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Magetsi akazima penti ali pakati pa kupsa, amaoneka bwinobwino ndi maso koma amadzasupuka kwa kasitomala. Nthawi zonse muziika kalata kakang'ono koyesera pamodzi ndi katundu. Kakazizira kapindeni, kalembeni mizere yopingasa ndi lumo, matanipo tepi n'kumatula. Penti akatsatira tepi, ntchito ibwerere mu uvuni, musaipereke.

Uvuni wa gasi uzipitidwa mphepo musanayatse, ndipo lawi lisamakhudze katundu. Makala ayi: kutentha kwake n'kosayezeka ndipo utsi wake m'chipinda chotseka umapha mwakachetechete. Uvuni umene wawotchapo penti usadzaphikenso masikono kapena mabanzi, ngakhale mayi a kunyumba atadandaula bwanji. Paipi yotsekedwa mbali zonse ibooledwe kaye kuti mpweya uzituluka, ndipo thanki imene munakhalapo petulo, mashokabu a njinga yamoto, labala ndi mabering'i zisalowe n'komwe.

Chachisanu ndi kutsuka chitsulo. Penti wa ufa sabisa dzimbiri, amangolifunditsa bulangete kuti lidye bwino. Girizi, mafuta, dzimbiri ndi zotsalira za kuwotcherera zichoke zonse. Kwa katundu wokhala panja kunyanja, pansi pake pamafunika penti woyamba wokhala ndi zinki, pamwamba ufa wa polyester. Ufa wa epoxy ndi wolimba m'nyumba koma dzuwa limautuwitsa.

Njira yachangu yopalira dzimbiri ndi kuwombera chitsulo ndi timiyala ta mphamvu ya kompuresa. Apa munthu wa ku Nkhotakota ayang'ana kugombe n'kuona mchenga waulere. Chonde musayerekeze. Mchenga ukaphwanyika umatulutsa fumbi la silika limene limalowa m'mapapo n'kuwaumitsa. Nthendayo ndi silicosis, ilibe mankhwala ochiza, ndipo imatsegulira khomo chifuwa chachikulu. Ndi nthenda imene inadya azibambo ndi agogo athu amene anapita ku migodi ya golide pa Wenela ndi Teba. Mu 2018 makampani a migodi ku South Africa anavomera kulipira chipepeso cha mabiliyoni 5 a randi kwa odwala silicosis ndi TB, ndipo Amalawi ali m'gulu la oyenera kulandira. Ku Britain kuwombera zitsulo ndi mchenga kunaletsedwa kalekale cha m'ma 1950. Gwiritsani timiyala tachitsulo togulidwa, kapena sandipepala ndi bulashi ya waya. Popala penti wakale samalaninso, chifukwa penti wina wamafuta amakhala ndi mtovu, umene umawononga ubongo makamaka wa ana.

Chomaliza, koma chachikulu, ndi munthu wogwira mfutiyo. Nthawi zambiri sakhala mwini geni. Amakhala mnyamata wa ganyu kapena wophunzira ntchito, amene sangayankhe bwana. Kansalu komanga pamphuno sikatchinga ufa wosalala chonchi. Pamafunika masiki yeniyeni ya mtundu wa FFP2 kapena N95 yogwira bwino nkhope, magalasi a m'maso ndi ovolosi ya manja aatali. Ufa wina uli ndi mankhwala otchedwa TGIC, amene amayabwitsa khungu, amayambitsa mphumu, ndipo ku Ulaya anaikidwa m'gulu la mankhwala owononga chibadwa cha maselo a m'thupi. Poitanitsa nenani kuti mukufuna wopanda TGIC, ndipo wogulitsa akupatseni chikalata chofotokoza zimene zili mu ufawo. Paja ambiri amati ukamwa mkaka fumbi limatsukika. Mkaka umapita m'mimba, fumbi lili m'mapapo, ziwirizi sizikumana. Kudzipemerera ndi kompuresa poweruka nakonso kuleke. Sopo ndi madzi, musanagwire nsima.

Izi sizongokomera mtima wantchito. Lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 linaika udindo woteteza moyo wa wantchito pa olemba ntchito, ndipo la Workers' Compensation Act la 2000 linanena za chipepeso kwa wovulala kapena wodwala chifukwa cha ntchito. A TEVETA, amene anakhazikitsidwa mu 1999, ndi sukulu za ntchito zamanja monga Salima Technical College, achite chotheka kuti wophunzira kuwotcherera azituluka akudziwanso kumalizitsa chitsulo mosamala. Makina akubwera ndithu, kaya maphunziro alipo kaya palibe.

Wina afunsa: ndi zonsezi, wowotcherera wa pa Dwangwa angakwanitse? Payekha mwina ayi. Koma kodi aliyense wolima chimanga amagula chigayo chake? Chigayo chimakhala chimodzi, mudzi wonse n'kumagaitsa. Owotcherera khumi atasonkherana, kapena wageni mmodzi atamanga malo amodzi oyenera, a uvuni wabwino, fani ndi earth yoyezedwa, ena onse atha kumabweretsa mageti, mabedi ndi madesiki a sukulu n'kumalipira pa chidutswa. Malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja, masukulu ndi omanga nyumba ndiwo msika wake. Uvuni umodzi wodzaza umapindulitsa kusiyana ndi mauvuni khumi a migolo owotcha kageti kamodzikamodzi.

Choncho amene muli ndi makobidi m'thumba ndipo mwaona mfuti yotchipa pa foni, dekhani. Pezani kaye malo, funsani za magetsi, khomani earth, ikani fani, mangani uvuni, gulani masiki, phunzitsani mnyamata. Mfuti ibwere pomaliza. Safunsa anadya phula.