Nkhokwe ya Anjala: Ntchito Yaikulu Ili pa Kugawa



Tonse timaidziwa miyezi yowawa kuno kunyanja. Kumapeto kwa chaka nyanja imatsekedwa kuti chambo chiswane, ndalama n'kusowa m'thumba. Pofika Januwale ndi Febuluwale chimanga chimakhala chatha m'nyumba zambiri, cha m'munda chisanakhwime. Ndiye tifunsane: wanjala timamufikira bwanji?

Kumaiko a anzathu kuli nkhokwe za anthu osowa, zimene amazitchula kuti food bank. Yoyamba inatsegulidwa mu 1967 ku Phoenix, m'dziko la America, pamene John van Hengel anayamba kutolera chakudya chabwinobwino chimene masitolo ankataya. Ku Britain bungwe la Trussell lili ndi nkhokwe zambiri zotere. Anthu amasiya mpunga, zam'zitini ndi zina zosaola msanga m'masitolo, m'matchalitchi ndi m'masukulu, ndipo ongodzipereka amaziyeza pasikelo n'kuzilemba. Wovutika amatenga kalata kwa munthu wodziwa vuto lake, monga dokotala, mphunzitsi kapena wa zachisamaliro cha anthu. Akaonetsa kalatayo amalandira chakudya cha masiku atatu. Taonani nzeru yake: wosankha wolandira ndi wina, wosunga makiyi ndi winanso.

Ife Asilamu kusonkhako tinalamulidwa kale. Pa mbewu zolimidwa ndi mvula, zakaat ndi gawo limodzi mwa magawo 10. Pa zothirira movutikira ndi limodzi mwa 20. Imayambira pa zokolola za makilogalamu pafupifupi 650, ndiye kuti matumba 13. Wakolola matumba 20 ndi mvula, awiri si ake. Zakaat ituluke pa nthawi yake, osaichedwetsa. Koma pambali pake tingasonkhe sadaka yosungira miyezi ya njala: mlimi ndowa ya chimanga kapena mpunga, msodzi usipa wouma bwino.

Pomwe tinapunthwa ife ndi pogawa. Chaka china tinaika matumba pabwalo la mzikiti n'kumaitana maina mokweza itatha Swala ya Lachisanu. Amene anadzaza kutsogolo anali amphamvu ndi odziwa kuyankhula. Patapita masiku tinamva kuti gogo wina wolera zidzukulu zamasiye sanabwere n'komwe. Anachita manyazi kutchulidwa pagulu, komanso miyendo sikanamufikitsa. Tinagawa chakudya chonse, wanjala weniweni n'kugona ndi njala. Mpaka lero zimatiwawa.

Kuchokera pamenepo tinasintha. Maina amalembedwa chimanga chisanatuluke, ndipo amayi ndiwo amatsogolera, chifukwa iwo amadziwa nyumba imene utsi sunafuke masiku awiri. Amfumu amaona nawo mndandandawo. Oyamba ndi amasiye, okalamba, odwala ndi olumala. Wosankha sagwira makiyi, wamakiyi sasankha. Muyeso ndi ndowa imodzi yomweyo, molingana ndi kuchuluka kwa anthu pakhomo. Anyamata amakatula kunyumba kukamada, itatha Maghrib, mopanda kuonetsera. Ndipo poti iyi ndi sadaka, mnansi wa mpingo wina akakhala pa njala, naye amalandira. Njala sifunsa kuti umapemphera kuti.

Tisamalenso kasungidwe. Chimanga chiume bwinobwino, chilowe m'matumba osalowa mpweya a PICS kapena chithiridwe mankhwala, apo ayi tidyetsa anankafumbwe. Matumba asagone pansi, akhale pa mitengo. Usipa ugawidwe msanga, usadikire chinyezi cha dzinja. Ndowa iliyonse yolowa ndi yotuluka ilembedwe m'kope, ndipo Lachisanu tiwerenge chiwerengero chokha, osatchula wolandira. Anthu akaona kuti palibe chobisika, chaka chamawa amasonkhanso.

Nkhani imeneyi tiikambirane pa mzikiti uliwonse tisanayambe kukolola, pakuti nkhokwe samanga njala itafika kale. Allah atidalitsire minda ndi nyanja yathu, ndipo atipatse mitima yokumbukira wosowa. Ameen.