Kuonjezera Nyali pa Galimoto: Zoyenera Kudziŵa Musanagwire Waya

Nkhani yathu lero ikukhudza eni galimoto ndi madalaivala oyenda usiku m'misewu ya fumbi, kumene maenje, ng'ombe ndi milatho yopapatiza zimaoneka munthu atafika kale pafupi. Ambiri a iwo amagula nyali zoonjezera nadzimangirira okha kutsogolo kwa galimoto. Ntchitoyi siyovuta, koma akuluakulu anati walira mvula walira matope. Nyali iliyonse yoonjezera ndi katundu watsopano pa mawaya, ndipo waya wosenzetsedwa katundu woposa msinkhu wake amatentha, nasungunula pulasitiki yomkuta, mapeto ake galimoto yonse n'kupsa.

Tiyambe ndi masamu pang'ono. Galimoto zing'onozing'ono zimayendera magetsi a 12 volts, pamene malole akuluakulu ambiri amayendera 24 volts. Pa bokosi la nyali amalembapo mphamvu yake m'ma watts. Mukagaŵa ma watts ndi ma volts mupeza ma amps, kumene ndiko kuchuluka kwa magetsi oyenda m'waya. Babu la 55 watts pa 12 volts limakoka ma amps anayi ndi theka kapena kupitirira pang'ono. Nyali ziŵiri za 100 watts iliyonse zimakoka pafupifupi ma amps 17. Nyali za LED zimaŵala kwambiri ndi magetsi ochepa, komabe yaitali ija ya 120 watts ingathe kukoka ma amps 10.

Ambiri amalakwa podula waya wa nyali zobwera ndi galimoto n'kulumikizapo nyali zatsopano. Amene anapanga galimotoyo anayesa wayayo ndi swichi yake molingana ndi nyali zimene anaikamo iwo. Kutero kuli ngati kudutsitsa lole yodzaza chimanga pa mlatho wamitengo womangidwira njinga. Nyali zatsopano zipatseni njira yawoyawo yochokera ku batire, ndipo njirayo ifunika zinthu zitatu.

Choyamba ndi waya wonenepa mokwanira. Pa ma amps 17 musagwiritse waya wochepera 2.5 mm², ndipo ngati mtunda wochokera ku batire ndi wautali, sankhani wonenepa kuposa apo.

Chachiŵiri ndi fyuzi, kawaya kofooka dala kamene kamaduka magetsi akachuluka, kuti waya wamkulu asapse. Iikeni pafupi penipeni ndi mutu wa batire wolembedwa +, pakuti gawo la waya limene lili pakati pa batire ndi fyuzi lilibe chitetezo. Pa nyali zokoka ma amps 17, fyuzi ya 20 amps ndiyo yoyenera. Fyuzi ikapsa, funani chimene chaipsereza. Musaikepo msomali kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya, chifukwa mukatero chodzapsa ndi galimoto.

Chachitatu ndi kachipangizo kotchedwa relay, kamene kamalola magetsi ochepa a pa swichi kutsegulira njira magetsi ambiri. Pansi pake pali miyendo ya manambala. Nambala 30 ilandira waya wochokera ku batire kudzera pa fyuzi. 87 ipita ku nyali. 85 ilumikizidwa ku chitsulo cha galimoto. 86 ilandira magetsi ochepa aja kudzera pa swichi yanu. Magetsi a pa 86 atengeni pa waya wa nyali zoonera patali, zija madalaivala amati fulu. Motero mukabwerera pa dimu, nyali zoonjezerazo zidzazima zokha.

Musanagwire waya aliyense, zimitsani injini ndi kumasula mutu wa batire wolembedwa −, ndipo pomaliza ntchito ubwezereni pambuyo pa zonse. Mukayamba ndi wa +, sipanala ikangokhudza chitsulo cha galimoto pamathetheka moto. Pamene mukumangirira waya wa earth, palani penti ndi dzimbiri kufikira chitsulo chiŵale, chifukwa polumikiza posagwira bwino pamatentha ndipo nyali zimachita chizimezime. Waya wodutsa pa boo la chitsulo muvekeni kamphira, ndipo mawaya onse muŵamange kutali ndi ekizozi ndi fanibeluti. Mabampu a m'misewu yathu amakhuza waya pa chitsulo mpaka kumsenda.

Kumbukiraninso kuti injini ikamalira, magetsi onse amachokera ku alternator. Nyali zikakoka oposa amene iyo ikupanga, otsalawo amachokera m'batire, ndipo m'maŵa galimoto idzakana kulira. Batire labwino, injini ikulira, limaonetsa pafupifupi 14 volts pa mita yoyesera. Ngati mutayatsa nyali zonse nambalayo itsika kufika pansi pa 13, dziŵani kuti katundu wachuluka.

Potsiriza, tiganizire anzathu a pamsewu. Usiku m'mphepete mwa misewu yathu mumayenda anthu apansi, akabaza ndi ngolo zopanda nyali. Dalaivala amene mwamthobwa m'maso sangaŵaone, ndipo pa liŵiro la makilomita 80 pa ola galimoto imayenda mamita 22 pa sekondi imodzi yokha. Choncho nyali zanu zilozetseni pamsewu, osati m'maso mwa anthu, ndipo muzizimitse mukakumana ndi galimoto ina, mukamatsatira ina, kapena mukaloŵa m'tauni. Musanagule, funsani ku ofesi ya Road Traffic za nyali zololedwa pa misewu ya boma.

Ngati pena pakusokonezani, pitani kwa mmisiri wa magetsi a galimoto kuti aone ntchito yanu musanabwezere batire. Safunsa anadya phula.