Kusintha fyuluta ya oyilo pakhomo n'kotheka, koma kumafuna kusamala

Eni galimoto ena amakumbukira kuthira oyilo watsopano mu injini koma n'kusiya fyuluta yakale ili pomwepo, poganiza kuti akupulumutsa ndalama. Mchitidwewu umafupikitsa moyo wa injini, pomwe mtengo wa fyuluta ndi wochepa zedi poyerekeza ndi ndalama zomwe zimalowa pokonzetsa injini yowonongeka.

Kwa wogwira ntchito m'boma yemwe anagula galimoto yake ndi ngongole yodula ku malipiro, nkhaniyi ndi yaikulu kaamba koti injini ikhoza kufa ngongoleyo isanathe.

Ntchito ya fyuluta

Injini ikamayenda, pampu imakoka oyilo m'sampu, lomwe ndi beseni lachitsulo la kunsi kwa injini, n'kumukankhira mu fyuluta asanafike pa zitsulo zokhulana. M'kati mwa fyulutayi muli pepala lapadera lopindapinda lomwe limakola tizitsulo topalika, mwaye komanso fumbi.

Pepalali likadzadza zinyalala, oyilo amavutika kudutsa. Pofuna kuti injini isayende youma, opanga anaika kachitseko komwe kamatseguka kokha n'kulola oyilo kulambalala pepalalo. Apa ndi pomwe pagona vuto: galimoto imayendabe bwinobwino ndipo palibe nyali yomwe imayaka, koma oyilo yemwe akuzungulira amakhala wosasefedwa ndipo zitsulo zimadyeka pang'onopang'ono.

Nthawi yosinthira

Buku la galimoto iliyonse limanena mtunda woyenera. Pa galimoto zing'onozing'ono za petulo, makampani ambiri amanena makilomita pafupifupi 10,000, koma amadula mtundawu pakati, kufika pa 5,000 kapena miyezi 6, ngati galimotoyo imayenda m'misewu ya fumbi, maulendo afupiafupi kapena pa mdipiti wa galimoto wa m'tauni.

Galimoto zambiri m'dziko muno zimagwa m'gulu lachiwirili. Kuwonjezera apo, zochuluka mwa izo, monga Toyota Vitz, Sienta, Mazda Demio ndi Nissan Note, zimachokera ku Japan zitayendapo kale. N'chifukwa chake n'kwanzeru kusintha fyuluta nthawi iliyonse yomwe oyilo akusinthidwa.

Pogula fyuluta, mwini galimoto ayenera kutenga nambala ya injini kapena ya chasisi, osati dzina la galimoto lokha, popeza galimoto za dzina limodzi zimatha kukhala ndi injini zosiyana. Fyuluta ikhoza kulowa pamalo pake koma mphira yake osakhala bwino. Palinso mafyuluta achinyengo omwe amalembedwa mayina a makampani odziwika koma m'kati muli pepala lochepa, choncho ndi bwino kugula m'sitolo yodalirika yomwe imapereka lisiti.

Zofunika kukonzekera

Pafunika fyuluta yatsopano, oyilo wa mtundu womwe buku lanena, monga 5W-30, sipanala yomasulira bawuti ya sampu, chida chomasulira fyuluta, washala watsopano wa bawutiyo, beseni lotakata, fanulo ndi nsanza. Injini zing'onozing'ono zambiri zimadya malita a pakati pa 3 ndi 4.

Galimoto iimikidwe pamalo athyathyathya ndi olimba, handibuleki itakokedwa ndipo matayala akumbuyo atatchingidwa. Ngati pakufunika kuikweza, jeke ndi yonyamulira chabe. Munthu asalowe kunsi kwa galimoto yomwe yatsamira jeke yokha kapena njerwa, chifukwa jeke imatha kuterereka ndipo njerwa zimaphwanyika. Pafunika zitsulo zochirikizira zomwe zinapangidwira ntchitoyi.

Kagwiridwe ka ntchitoyi

Injini ilizidwe kwa mphindi zochepa kuti oyilo afunde ndi kusungunuka, kenako izimitsidwe. Ngati galimoto yangochokera ulendo wautali, ndi bwino kudikira kuti izizireko popeza oyilo wotentha amawotcha kwambiri.

Akatchera beseni, mwini galimoto amasule bawuti ya sampu n'kulola oyilo kutuluka mpaka atayamba kudontha. M'pofunika kutsimikiza kuti bawutiyo ndi ya injini, chifukwa pa galimoto zina bawuti ya giyabokosi imakhala chapafupi. Oyilo akatha, bawuti ibwezeredwe ndi washala watsopano, ndipo isamangidwe mopyola muyeso kuopa kudula mazinga.

Kenako beseni lisunthidwire pansi pa fyuluta. Fyuluta yokhala ngati chitini imamasuka poizunguza mosemphana ndi momwe mivi ya wotchi imayendera, ndipo imatsika ili ndi oyilo wina m'kati.

Apa ndi pomwe pamafunika maso. Fyuluta yakale iyenera kutsika ndi mphira yake yozungulira. Nthawi zina mphirayi imatsalira itamatirira ku injini, ndipo yatsopano ikamangidwa pamwamba pake, mphira ziwirizo sizigwirana. Injini ikalira, oyilo amatha kuthovoka yense m'mphindi zochepa, zitsulo n'kugwirana.

Malo okhala fyuluta apukutidwe ndi nsanza yoyera. Mphira ya fyuluta yatsopano ipakidwe oyilo watsopano pang'ono ndi chala kuti isapindike pomanga. Fyulutayo imangidwe ndi dzanja mpaka mphira itakhudza injini, kenako izungulitsidwenso pafupifupi magawo atatu mwa anayi a mzungulo umodzi, kapena monga zalembedwera pa chitini chake. Chida chija n'chomasulira. Chikagwiritsidwa ntchito pomanga chimatha kuphwanya mphira.

Galimoto zina, kuphatikizapo zambiri za ku Ulaya ndi Toyota zina, zili ndi fyuluta ya pepala lokha lomwe limalowa m'chibekete chokhazikika. Pa zoterezi amasintha pepalalo pamodzi ndi mphira zomwe zimabwera m'bokosi, ndipo chivundikiro chimamangidwa mosamala kaamba koti nthawi zambiri chimakhala chapulasitiki.

Kuyesa ntchito ikatha

Oyilo watsopano athiridwe pamwamba pa injini, chivundikiro chitsekedwe, ndipo injini ilizidwe osaponda moto. Nyali yofiira yooneka ngati kaketulo iyenera kuzima m'masekondi ochepa. Ikapanda kuzima, injini izimitsidwe nthawi yomweyo.

Injini ikulira choncho, mwini galimoto asuzumire pa fyuluta ndi pa bawuti ngati pali kudontha. Akazimitsa, adikire mphindi zingapo, atsitse galimoto, kenako ayeze ndi kachitsulo koyezera oyilo. Mlingo ukhale pakati pa zizindikiro ziwiri, popeza oyilo wopyola muyeso amachita thovu ndi kuwononga mphira za injini. Tsiku ndi makilomita zilembedwe m'kabuku, ndipo m'mawa mwake ndi bwino kuyang'ananso pansi pomwe galimoto inagona.

Oyilo wakuda asatayidwe paliponse

Oyilo wogwira kale ntchito amakhala ndi zinthu zapoizoni, ndipo kumugwiragwira kawirikawiri kukhoza kubweretsa matenda a pakhungu kuphatikizapo khansa. N'kofunika kuvala magolovesi ndi kusamba m'manja ndi sopo.

Oyiloyu asathiridwe m'ngalande, m'chimbudzi chokumba kapena pa dothi, chifukwa amalowerera n'kuipitsa madzi a m'zitsime ndi m'mijigo. Lamulo loona za chilengedwe la mu 2017, lomwe linakhazikitsa bungwe la MEPA, limaletsa kuipitsa madzi ndi nthaka. Oyiloyo atsanulidwe m'chigubu chotseka bwino, chomwe sichidzasungiranso madzi kapena mafuta ophikira, n'kukapereka ku galaja yomwe imasonkhanitsa oyilo wotere. Fyuluta yakale ikhe kaye m'beseni isanapite nawo limodzi.

Malangizowa akukhudza galimoto za anthu eni ake. Galimoto za boma za nambala ya MG zili ndi ndondomeko yake yokonzetsera kudzera ku ofesi, ndipo galimoto yatsopano yomwe ikadali pa chitsimikizo cha kampani yogulitsa iyenera kupita komwe mgwirizano unanena. Chimodzimodzinso, ngati bawuti yakana kumasuka, mazinga aduka kapena mu oyilo wakale mukuoneka tizitsulo tonyezimira, ntchitoyo isiyidwe m'manja mwa makaniko wodziwa.