Anthu a m'kanema amene anamanidwa zidole

Munthu woyenda m'Lusaka pa nyengo ya Khrisimasi, kucokera mu msewu wa Cairo kufikira ku masitolo a ku Kamwala, amaona zidole za pulasitiki zitaunjikidwa monga tomato pamsika. Pali ankhondo onyamula malupanga, palinso magalimoto osandulika anthu acitsulo. Mwana akaloza cimodzi amacichula ndi dzina lomwe, pakuti anaciona kale pa wailesi ya kanema. Kholo locokera kumudzi limayesa kuti nthano ndiyo inayamba, cidole n'kubwera pambuyo. Pa nthano zambiri za ku America zinthu sizinayende motero: cidole ndico cinayamba, ndipo nthano inalembedwa kuti cidoleco cigulidwe.

M'caka ca 1982 kampani ya Mattel inatulutsa cidole ca mwamuna wa minyewa yotupa, dzina lace He-Man. Caka cotsatira kampani ya Filmation inayamba kujambula nthano yace m'zithunzi zoyenda, zimene ana amati katuni, ndipo inafikitsa zigawo 130. Zimenezi zinatheka popeza boma la Ronald Reagan linali kufewetsa malamulo a kutsatsa malonda kwa ana. M'caka ca 1984 kampani ya Hasbro inacita cimodzimodzi ndi Transformers, magalimoto osandulika aja.

Koma nthano siyenda ndi katundu wa m'sitolo yekha. Ngwazi imafuna amace, imafuna adani ndi abwenzi, cotero olemba anaikamo anthu ena amene eni fakitale sanawaitanitse. Mmodzi wa iwo ndi Mfumukazi Marlena, mayi wa He-Man. Mkazi ameneyu sanali wamba, pakuti nthano imati anali woyendetsa combo ca mumlengalenga amene anacokera ku dziko lathu lino. Mwamuna wace, Mfumu Randor, anapangiridwa cidole mu 1987. Adani a mwana wace, ngakhale wa nkhope ya cigaza ndi wina wonunkha ngati kanyimbi, onse anali nazo zidole zao. Marlena analibe. Cace cinatuluka mu 2011, patapita zaka 28, ndipo ocigula anali akuluakulu osunga zidole, ana a kale aja atamera ndevu. Mfiti yaikazi yochedwa Shadow Weaver, ya m'nthano ya She-Ra ya mu 1985, inadikira kufikira 2012.

Ku Transformers kunali Arcee, msilikali wamkazi amene anaonekera m'filimu ya mu 1986. Naye anadikira zaka 28, kufikira 2014, kuti cidole cosandulika ca maonekedwe ace oyamba cifike m'masitolo. Amalonda anali kukhulupirira kuti mnyamata sangapemphe atate wace cidole ca mkazi. Akazi ena, monga Teela, anapulumuka, koma owerengeka. Ndipo maganizo amenewa sanafe msanga: makolo a ku America anadandaula poona kuti Rey, mtsikana amene ali mwini nkhani m'filimu ya Star Wars ya mu 2015, sanaikidwe m'masewera a Monopoly a filimuyo.

Filimu ija ya mu 1986 inaonetsa poyera mwini weniweni wa nthano. Optimus Prime, mtsogoleri wokondedwa ndi ana, anaphedwa nkhani isanafike ndi pakati pomwe, pamodzi ndi anzace ena, kuti zidole zakale zipereke malo kwa zatsopano. Ana analira m'nyumba za kanema, makolo nalemba makalata aukali, kotero kuti mu 1987 olemba anamdzutsa kwa akufa. Pa nthano ya agogo pamoto, Kalulu saphedwa cifukwa cakuti wamalonda watopa naye.

Ku Lusaka nkhaniyi inali ndi nkhope ina. Mtengo wa mkuwa unagwa mu 1975, ndalama zakunja zinasowa, ndipo m'zaka za m'ma 1980 anthu anali kuima pa mizere m'masitolo a boma monga ZCBC ndi Mwaiseni kufuna sopo, mafuta ophikira ndi shuga. Dziko losowa sopo silikanaononga ndalama zakunja pa ankhondo a pulasitiki. Mwana wa ku Kabulonga kapena ku Woodlands, amene atate wace anali kupita ku London pa nchito, mwina anali naye He-Man mmodzi, ndipo anzace anali kubwera kudzamgwira mosinthana. Kwa ana ambiri a ku Kabwata ndi ku Chelstone, Marlena ndi He-Man anali ofanana: onse awiri analibe cidole.

Komatu ana amenewa sanakhale manja lende. Lupanga linali kusemedwa ku thabwa la bokosi, cishango cinali civundikiro ca poto cobedwa kukhichini, ndipo galimoto inali kupindidwa ndi waya, mawilo ace a zitini, ciwongolero cace cacitali cofika m'ciuno mwa mwini. Atsikana anali kubereka ana a zitsononkho ndi a nsanza monga amacitira anzao ku Katete ndi ku Petauke pa masanje. Pa masewera otere panalibe munthu wa m'nthano womanidwa malo. Mtsikana akafuna kukhala mfumukazi anali kungomanga citenje ca amace m'khosi, basi ufumu wayamba, osadikira cilolezo ca Mattel. Luso la manja lotere likuonekabe pa mudzi wa zaluso wa Kabwata, pamene nyumba zozungulira zaudzu, zomangidwira anchito acikuda m'nthawi ya atsamunda, zinasanduka malo a amisiri osema ndi oluka.

Masitolo anadzaza boma litamasula malonda pambuyo pa 1991. Shoprite inafika mu 1995, Manda Hill inatsegulidwa mu 1999, ndipo zidole za ku China ndi za salaula zinasefukira m'tauni. Tsopano mwana wa m'Lusaka nayenso amasankha pa zimene anamsankhira kale wamalonda wakutali, ndipo ndalama imene kholo linapeza pogulitsa nshawa imathera pa cidole cothyoka dzuwa lisanalowe.

Pa 20 July 2023 kampani ya Netflix inayamba kuonetsa Supa Team 4, katuni yoyambitsidwa ndi mlembi wa ku Zambia, Malenga Mulendema, ndi kukonzedwa ndi kampani ya Triggerfish ya ku Cape Town. Nthano imeneyi inabadwira m'mutu mwa wolemba, osati m'fakitale ya zidole, ndipo imacitikira mu Lusaka wa m'tsogolo. Ngwazi zace ndi atsikana anai a sukulu: Komana, Monde, Temwe ndi Zee. Wowatsogolera ndi Mama K, mayi wacikulire amene kale anali kazitape, munthu wa mtundu uja umene amalonda a m'ma 1980 anali kuusiya kunja kwa bokosi. M'gulu lao mulinso mbuzi yochedwa Chomps, imene mwana aliyense woweta ku Chadiza angathe kuiumba ndi dothi la kudambo ng'ombe zisanathe kumwa madzi.